Kusankha Nyemba ku Amsterdam

Abale anga akumudzi, pamene ndikulemba pano nthawi yangopitirira kumene hafu pasiti folo madzulo, koma kunja kwada bii ngati kwathu anthu atadya kale nsima ya usiku. Ndi Disembala kuno ku Amsterdam. Dzuwa limatuluka itatsala pang'ono kukwana 9 koloko, likatuluka n'komwe, ndipo silifika paliwombo. Limangokwawa kuseri kwa madenga ngati wodwala woyenda chogwira khoma, kenako n'kubwerera kukagona. Mvula yakuno si mvula yoti munthu angaiyamike. Ilibe mabingu, ilibe fungo lija la dothi longonyowa kumene, situlutsa ngumbi m'chulu. Imangowaza tsiku lonse, mphepo n'kumaipinda kuti ikulowe m'khosi. Inu uko ndikudziwa kuti makasu ali m'manja, mukupalira, ndipo ana akutsika kuphiri ndi bowa m'mabeseni.

Mumandifunsa kawirikawiri kuti ntchito imene ndimagwira kunoyi ndi yotani kwenikweni. Amayi akafunsidwa kutchalitchi amangoti, "Ali pa kompyuta." N'zoona ndithu, koma nthawi zonse ndimalakalaka nditapeza mawu oti nanunso muione ntchitoyo ndi maso. Sabata ino ndawapeza. Ntchito imene anandipatsa Lolemba inali yosankha nyemba.

Ndiyambe ndi lichero lake. M'chiyankhulo cha kompyuta chimene ndimalembera mapulogalamu, chotchedwa Python, muli chosungira zinthu chimene timachitcha dictionary. Ndi dzina lomwe lija la buku lomasulira mawu, mtanthauziramawu, ndipo kachitidwe kake n'kamodzimodzi: umabwera ndi liwu, n'kupeza tanthauzo lake, osayamba wawerenga buku lonse kuchokera patsamba loyamba. Liwu lofufuziralo amati key, ndiye kiyi ameneyo, ndipo chimene chasungidwa pansi pake amati value, ine ndimangoti katundu wake. M'foni mwanumo muli chinthu chonga chimenechi: mukalemba "Malume", nambala imatulukira. Lamulo lake lalikulu ndi loti kiyi mmodzi sakhalamo kawiri. Mukaika katundu watsopano pa kiyi amene alimo kale, wakale uja amafufutika osatsanzika. N'chifukwa chake mayina a anthu sitiwasandutsa makiyi. A Phiri alipo ambiri, a Banda alipo ambiri, kunonso a De Jong ndi a Jansen ali ponseponse. Aliyense timamupatsa nambala yakeyake.

Python anabadwira mumzinda uno. Munthu wina wakuno, Guido van Rossum, anayamba kumulemba pa tchuthi cha Khirisimasi cha 1989, nyengo yamdima ngati inoyi, akugwira ntchito pa malo ofufuzira za masamu ndi makompyuta otchedwa CWI, ndipo anamutulutsa poyera mu 1991. Dzinalo sanalitenge kwa nsato ayi, analitenga ku sewero loseketsa la pa kanema la ku Britain lotchedwa Monty Python's Flying Circus. Malo a CWI aja ali kum'mawa kwa mzinda, ndipo ndimadutsa chapafupi pa njinga m'mawa uliwonse. Mtanthauziramawu winanso umene ndili nawo m'chipinda muno, wa Chichewa ndi Chingerezi, anausonkhanitsa ndi munthu wa dziko lomwe lino, Steven Paas, amene anaphunzitsako ku Zomba. Zimachitika kuti sabata yathunthu imatha lilime langa lisanatchule liwu la kwathu ndi limodzi lomwe. Usiku wotero ndimatsegula bukulo paliponse, n'kumawerenga mokweza ndili ndekha: chikwatu, chiputu, chisisira. Ndimafuna ndimve ngati pakamwa panga pakadali pa kwathu.

Tsono ntchito ya Lolemba ija inachokera ku lamulo. Mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya ali ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, limene linayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018. Azungu ambiri amalitcha GDPR, kuno amati AVG. M'lamulomo muli ndime imene anthu akuno amaitcha recht op vergetelheid, kutanthauza ufulu woti munthu aiwalike. Ngati unagulapo kanthu pa kampani ina kudzera pa intaneti, ukhoza kuilembera kuti ifufute dzina lako, keyala yako ndi nambala yako ya foni, ndipo ikapanda kukhala ndi chifukwa chomveka chosungira, iyenera kumvera. Kumene ndimagwira ntchito kuli pulogalamu imene imasenza mayina a makasitomala zikwizikwi n'kuwaika mu dictionary isanawatumizire makalata. Anandipatsa mndandanda wa manambala a anthu amene anapempha kuiwalika, n'kundiuza kuti ndiwachotsemo, pamodzi ndi malo ena amene anatsala opanda kanthu. Kufufuta m'nkhokwe yaikulu momwe mbiri zimagona inali ntchito ya anzanga ena. Yanga inali ya pa lichero.

Lamulolo ndi labwino, sindikulinyoza. Nanunso mumadziwa kuwawa kwake kolandira uthenga pa foni kuchokera kwa munthu amene simunamupatse nambala, akukunamizani kuti mwawina ndalama. Koma pamene ndinkayang'ana mndandandawo, mtima wanga unali kwina. Kwathu kuiwalika ndi tsoka. Agogo akakwiya kwambiri sankatukwana, ankangoti, "Udzafa wopanda wokutchula." Kuno munthu amakhala pansi, n'kulemba kalata mwaulemu yopempha kuti aiwalike, ndipo boma limaima kumbuyo kwake. Ndakhala kuno zaka zingapo, koma zimenezi zimandifikabe pamtima ngati madzi ozizira a m'mawa wa Juni ku Dedza.

Ndinayamba molakwika. Ndinauza kompyuta kuti iyende pa makiyi onse mmodzimmodzi, ikapeza wosafunika imuchotse pomwepo, n'kupitiriza ulendo. Inachotsa woyamba, ndipo itati iponde phazi lotsatira inaima njii, n'kundilembera mawu ofiira akuti RuntimeError: dictionary changed size during iteration. Kumasulira kwake n'kwakuti chosungira chija chasintha kukula ndili pakati pochiwerenga, tsono sindipitiriza. Aliyense wolemba Python anakumanapo nawo mawu amenewa. Kale, mu Python 2, ukapempha makiyi ankakupatsa mndandanda wapadera, ndipo kachitidwe kameneka kankadutsa bwinobwino. Kuyambira mu Python 3, amene anatuluka mu 2008, amangokutsegulira zenera loyang'anira m'katimo, ndiye ukasuntha kanthu woyang'anayo amasokonezeka. Ziyankhulo zina zili ndi maganizo awo: Java nayenso kawirikawiri amakana, Go amalola. Python anasankha kuima n'kukuuza, kusiyana n'kuti alumphe mayina ena mwakachetechete iwe n'kumaganiza kuti zonse zayenda.

Ndinakhala phee kuyang'ana mawu ofiirawo, ndipo amene ndinawaona anali amayi, atakhala pamphasa kuseri kwa khitchini, miyendo atatambasula, lichero lili pamiyendo. Tili ana ankatipatsa nyemba kuti tisankhe, ife n'kumachita changu kuti tithamangire kumpira. Tinkatola zofumbwa ndi timiyala kwinaku tikuvundula ndi dzanja, ndipo nyemba zinkagubuduka kudzaza pamene tatolapo, moti sitinkadziwanso pamene tadutsa ndi pamene sitinafike. Madzulo wina ankaluma mwala. Amayi sankatero. Ankakankhira nyemba zonse mbali imodzi ya lichero, n'kumakoka pang'onopang'ono ndi zala, zabwino kugwetsera m'mbale, zoipa kusiya pambali. "Usamavundule chimene ukuwerenga," ankatero. Sanaonepo pulogalamu ya kompyuta chibadwire, koma mawu ofiira aja ndi awo.

Njira zochotsera zilipo zingapo, ndipo iliyonse ili ndi khalidwe lake ngati anthu. Yachidule ndi del. Umangolemba kuti del makasitomala[nambala], basi munthu wapita. Koma del ndi waukali: ukamutuma kukachotsa kiyi amene mulibe, amakuwa kuti KeyError, pulogalamu yonse n'kuima. Pali mnzake wofatsa, dzina lake pop. Iyeyu amachotsa kiyi n'kukupatsira katundu wake m'manja, kuti uone chimene wachotsa, mwina ulembe penapake kuti ntchito yachitika. Ukamuuziratu choti akubwezere akapeza mulibe, sakuwa, amangobwerera mwakachetechete. Pa mndandanda wanga panali anthu ena amene anapempha kawiri, ena anali atachotsedwa kale, choncho pop ndiye anandiyenera. Palinso clear, amene amakhuthula lichero lonse, zabwino ndi zoipa zomwe. Ameneyo ndimamulemba dzanja likunjenjemera.

Za kuvundula zija, mankhwala ake ndi awiri. Oyamba ndi kuyamba wakopera makiyi onse pambali, polemba list(makasitomala), n'kumayenda pa kope limenelo kwinaku ukuchotsa m'lichero lenileni. Uli ngati mlembi wa banki m'khonde amene amayamba walemba mayina papepala lina asanayambe kukhwatcha m'kaundula. Achiwiri ndi a amayi aja: osachotsa kanthu, koma kutenga mbale yatsopano n'kugwetseramo okhawo oyenera kutsala. Mu Python zimenezi zimatheka ndi mzere umodzi wokha, umene amautcha dict comprehension, ndipo anzanga ambiri amaikonda chifukwa ndi yaukhondo. Komatu ili ndi msampha. Kwa kanthawi umakhala ndi mbale ziwiri, ndiye malo amafunika ochuluka. Choopsa kwambiri n'chakuti lichero lakale lija silichoka lokha ngati mbali ina ya pulogalamu ikaligwirabe. Iwe ukusangalala ndi mbale yako yoyera, pamene mnzako kuseri akuphika za m'lichero, miyala ndi anankafumbwe omwe. Pa nkhani ya lamulo, ndiye kuti munthu amene anapempha kuiwalika alandirabe kalata. Pulogalamu yathu ili ndi manja ambiri ogwira lichero limodzi, choncho ndinasankha njira yoyamba ija.

Pa malo opanda kanthu aja ndi pamene ndinaphunzira chinthu chimene sindidzaiwala. Ndinauza kompyuta kuti ichotse aliyense amene katundu wake ndi wachabe. Kwa Python, ukafunsa mosasamala, zinthu zingapo zimaoneka zofanana: ziro, mawu opanda chilembo, mndandanda wopanda kanthu, ndi None, chizindikiro chotanthauza kuti palibiretu chilichonse. Kuno pulogalamu siyamba ntchito mnzako asanaiwerenge, ndipo amene anawerenga yanga ndi mayi wina wamkulu kwa ine ndi zaka zambiri. Anabwera pa desiki panga, n'kunditchula dzina langa loyamba monga amachitira onse kuno, ngakhale kwa abwana, n'kuloza mzerewo ndi chala. Anati ndachotsa makasitomala onse amene mu akaunti mwawo muli ziro. Anthuwo alipo, ndi amoyo, sanapemphe kuiwalika, angokhala kuti alibe kanthu. Anthu akuno salankhula mozungulira, ndipo masiku oyamba zinkandipweteka, koma tsiku limenelo ndinamuthokoza kuchokera pansi pa mtima. Ndinakonza kuti ichotse okhawo a None. Pobwerera kunyumba pa njinga, mvula ili m'maso, ndinkaganiza za amayi ena amasiye a m'mudzi mwathu amene sasonkha kanthu pa maliro chifukwa alibe, koma dzina lawo nyakwawa amaliitanabe, ndipo amabwera ndi mtolo wa nkhuni.

Nkhomaliro ya tsiku limenelo inali ngati ya masiku onse. Ikakwana 12 koloko aliyense amatulutsa broodje kaas, buledi wozizira woika tchizi pakati, ena n'kumwera karnemelk, mkaka wowawasa umene umandikumbutsa chambiko. Pakatha theka la ola onse abwerera pa mipando. Palibe wosambitsa mnzake m'manja, palibe mbale yapakati, palibe woti "tiyeni tidye" kwa wodutsa. Madzulo amadya stamppot, mbatata ya kachewere yoponda pamodzi ndi masamba onga repu. Ndikaiona ndimakumbuka milu ya kachewere m'mbali mwa msewu pa Lizulu ndi pa Bembeke, koma kwathu ameneyo ndi wa tchipisi, munthu sungagonere. Anthuwa si oipa mtima ayi. Ali ndi liwu limene amalinyadira, gezellig, lonena za kukoma kokhala pamodzi m'chipinda chofunda. Koma kuti ulowe m'chipindamo pamafunika afspraak, pangano la tsiku ndi ola, lolembedwa m'kabuku milungu iwiri kapena itatu zisanachitike. Palibe "odi" kuno. Chibwerere, chitseko changa sichinagogodedwepo ndi munthu wongodutsa amene anaona nyali ikuyaka. Walira mvula walira matope, ndikudziwa, ndinapempha ndekha ulendowu. Matope ake ndi amenewa.

Usiku wa Lachitatu, tulo titakana, ndinayamba kuwerenga za mmene dictionary amapangidwira m'kati mwake, ndipo ndinapeza chimene chandichititsa kulemba kalatayi. Chinsinsi cha liwiro lake n'chakuti kompyuta imatenga kiyi, n'kumuwerengera masamu ena otchedwa hash, ndipo yankho lake limaiuza khomo loti ikagogode. Dictionary yatsopano imayamba ndi makomo 8, ndipo ikadzaza magawo awiri mwa atatu imasamukira pa malo okulirapo. Nthawi zina makiyi awiri amalozeredwa khomo limodzi. Zikatero wobwera pambuyo amapitirira kukhomo lina, pakakhalanso munthu amapitirirabe, mpaka atapeza popanda munthu. Pomufunafuna, kompyuta imatsata njira yomweyo, khomo ndi khomo, ndipo ikafika pamalo poti sipanakhalepo munthu imatsimikiza kuti amene ikumufunayo kulibe. Tsono taganizani: mutachotsa wa pakhomo loyamba uja n'kusesapo mbee, wofunafuna adzafika pamenepo, adzaona poyera, n'kubwerera. Wachiwiri uja, amene alipo ndithu kutsogolo, adzasowa ngati wafa. Pofuna kupewa zimenezi, Python akachotsa kiyi amasiyapo chizindikiro chonena kuti pano panali wina, pitirirani. M'mabuku ake amachitcha dummy. Akatswiri ena ambiri amachitcha tombstone, mwala wa pamanda. Chiliza.

Ine ndinaona bwinja. Mukudziwa pamene panali nyumba ya agogo, kumunsi kwa mjigo. Makoma anagwa kalekale, koma mango awiri aja alipo, ndi mulu wa phulusa pamene pamamera bonongwe wonenepa, ndi mwala umene ankanolerapo mipeni. Mpaka lero mlendo akafunsa njira ya kwa atsibweni, mumamuuza kuti, "Mukafika pabwinja la agogo, mukhotere kumanzere." Anthu amene sanawaonepo agogo amayenda potsata dzina lawo. Makina nawonso, ndi kuuma mtima kwawo konse, anapeza kuti ukasesa pamalo pa wochoka, umasocheretsa njira ya kwa otsala. Kungoti m'kompyuta bwinja silikhalitsa. Malo a ochotsedwa sabwezedwa nthawi yomweyo, amadikira tsiku limene obwera atsopano adzadzaze, dictionary n'kusamuka. Pa kusamukako amanyamula amoyo okha, zizindikiro zonse zija n'kutsala.

Panjira yanga ya kuntchito pali manda aakulu otchedwa De Nieuwe Ooster, amene anatsegulidwa mu 1894. Ndi okongola, mitengo yake yosamalidwa ngati ya m'munda wa maluwa, ndipo anthu amayendamo Lamlungu ngati akupita kokawongola miyendo. Mayi uja wa kuntchito ndi amene anandifotokozera kuti m'dziko muno manda ambiri ndi obwereka. Abale amalipira zaka zakutizakuti, nthawi ikatha amalipiranso, ndipo akapanda kutero mandawo akhoza kuchotsedwa kuti pagone wina. Liwu lake ndi ruimen, lochokera ku liwu la malo, ngati kunena kuti kupezera ena malo. Lamulo limati manda asachotsedwe zisanathe zaka 10. Anandiuza zimenezi akumwa khofi, nkhope ili bwinobwino. Chifukwa chake ndikuchimva. Dziko lino ndi laling'ono, ndipo nthaka yambiri anachita kulanda kwa madzi. Dera lomwe kuli mandawo, Watergraafsmeer, linali nyanja mpaka anaiphwetsa mu 1629. Munthu amene anachita kupopa madzi kuti apeze poponda sawerengera nthaka monga timawerengera ife. Komabe kuyambira tsiku limenelo, ndikamadutsa pampandapo ndimapalasa msanga.

Kwathu mukayenda nthawi yachilimwe, minda itayera, mapiri atametedwa ndi amakala, mukaona kankhalango kobiriwira kali kokha pakati pa chigwa, simufunsa. Ndi kumanda. Nkhwangwa siyifikako. Adzukulu amadziwa amene anagona pansi pa mtengo uliwonse, ngakhale pamene palibe chiliza, ndipo pokumba manda atsopano amalozerana kuti apa ayi, apa pali mayi a uje. Palibe amene analipirapo lendi ya malo amenewo. Tili ndi umphawi wathu, ndipo ndi umene unandithamangitsira kuno, koma pa chinthu chimenechi ndife olemera kuposa anthu a mumzinda uno.

Tsopano ndikuuzeni za foni yanga. Muli dzina lakuti "Bambo", ndipo papita zaka ziwiri chiwaikireni m'manda, ine ndili kuno, ndikuonera maliro pa kanema wa foni amene ankangodukaduka. Sindinalichotse dzinalo. Ndimachotsa mayina zikwizikwi pa sekondi imodzi, koma ili lokha chala chimakana. Mwezi wathawu ndikuyang'ana pa WhatsApp, ndinaona kuti pa dzina la bambo pabwera chithunzi. Mtima unagunda. Chinali cha mtsikana wina wovala yunifolomu ya sukulu, akumwetulira, munthu amene sindimudziwa. Nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani ya mafoni imaigulitsa kwa wina. Kiyi ndi yemwe uja, katundu ndi watsopano, wakale anafufutika osatsanzika, monga ndinakuuzirani poyamba paja. Mtsikanayo sanalakwe kanthu. Ndinakhala pabedi nthawi yaitali, chotenthetsera m'chipinda chikulira tiki tiki, kunja matayala a njinga akuphwanya madzi. Kenako ndinafufuta nambalayo, kuti ndisadzamuimbire mwana wa eni usiku wina nditasokonezeka. Dzina ndinalisiya. Likadalimo, pansi pake palibe kanthu.

Loweruka ndinakwera sitima yapansi kupita ku Bijlmer, dera la kum'mwera chakum'mawa kumene kumakhala anthu ambiri ochokera ku Ghana ndi ku Suriname. Kumeneko ndi kumene kumapezeka ufa wa chimanga. Ndi woyera, koma si ufa woyera wathu wa mphale yoviika n'kuyanika pamphasa, ulibe kafungo kaja kowawasira. Nsima yake imalimba bwino, imakhutitsa, koma siyikufikitsa kwanu. Ndinagulanso nyemba zofiirira zimene anthu a ku Suriname amadyera mpunga. Nditafika kunyumba ndinazikhuthulira m'thireyi, poti lichero ndilibe, n'kuzikankhira mbali imodzi monga ankachitira amayi. Ndinakoka ndi zala, pang'onopang'ono, mpaka thireyi yonse inatha. Munalibe mwala ndi umodzi womwe, munalibe yofumbwa, munalibe kachitsotso. Makina anasankha kale kufakitale. Ndinazisankhabe mpaka kumapeto, chifukwa zala zinkafuna ntchitoyo.

Nyemba zili pamoto, achemwali anaimba. Kwanuko inali itakwana 8 koloko, kuno 7, ndipo kumbuyo kwawo ndinkamva achule a kudambo ndi wailesi ya oyandikana nawo. Anati akuluakulu akhala pansi, agwirizana kuti chiliza cha bambo chimangidwe tikakolola, mvula ikatha, ndipo atsegula kope la zopereka. Anandiwerengera mayina motsata kubadwa: iwowo, achimwene, kenako ine, kenako ang'ono athu awiri. Ndinati, "Achemwali, ndalama nditumiza, koma za kubwera sindinganeneretu, tchuthi kuno n'chovuta." Anati, "Za ndalama sindinakufunse. Ndikukuuza kuti dzina lako lili pachitatu, ndipo amayi ati tsikulo tisalikhazikitse mpaka iwe utanena mwezi umene ungathe." Kenako foni anapatsira amayi, amene sanafunse za chiliza, kapena za kompyuta, kapena za kuzizira.

"Mwana wanga, wadya?"

"Ndikuphika, amayi. Nyemba."

"Wasankha?"

"Ndasankha, amayi."